Nkhondo ya Wotchi ya Pansi pa Nyanja

M'masiku aja, pamene mipopi ya ku Chitungwiza, kufupi ndi Harare, inkatulutsa mphepo yokhayokha, pamene magetsi ankabwera ngati mlendo wosagonera, ndipo akazi ankakalambira pa mzere wa ku mjigo zigubu zili m'manja, kunabuka nkhondo yoopsa pakati pa nyumba ziwiri zapachibale, ndipo amene anaiona ndi maso amatsitsabe mawu akamaisimba.

Ngwazi ya nkhondoyi inali Stephano Kachingwe wa ku Zengeza 1, Njovu ya Msewu wa ku Durban, Wosasinza pa Chiwongolero, mdzukulu wa amuna aja anayenda pansi kuchokera ku Dedza kudzalima fodya wa azungu. Anali dalaivala wa thiraki. M'mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, anabwera kuchokera ku ulendo atapinda malaya mpaka m'zigongono, ndipo pa mkono wake wamanzere panali wotchi yolemera ngati loko wa pageti, ya nkhope yabuluu, ya mivi yowala mumdima, yosadya batire, yopangidwira anthu omira m'nyanja. Wogulitsa anamuuza kuti imapirira mamita mazana atatu pansi pa madzi, ndiponso kuti si ya nduna za boma, si ya amphawi, ndi yapakati, yoyenera munthu amene wayamba kutukuka. Mawu amenewo anamulowa Stephano mpaka m'mafupa, pakuti bambo ake anagwira ntchito pafamu mpaka imvi akudziwira nthawi ku belu la kapitawo. Zoti iye mwini sankatha kusambira sanazione ngati nkhani.

Mkazi wake Florida anaiyamikira wotchiyo, kenako anafunsa za thanki ya madzi imene anagwirizana kuti agula chaka chimenecho. Stephano anayang'ana pa mkono. Florida anamvetsa. Sanakuwe, sanaswe mbale. Anangomanga katundu wake nalowera ku Unit C, kwa mchimwene wake.

Mchimweneyo anali Hezekiah, Chiphaliwali cha pa Makoni, Lilime Losatopa, Mwini Tebulo la Zinthu Zonse, amene ankagulitsa machaja, maloko, magalasi a dzuwa ndi mawotchi a pulasitiki a mtengo wa buledi muwiri. Iyeyu ndiye anaponya mkondo woyamba, Lamulungu mapemphero atangotha, pansi pa mtengo wa jakaranda, mpingo wonse ukumva.

"Tsano," anatero, ndiwo maitanidwe a alamu kumeneko, "ndiuzeni, ili bwanji nthawi ku nyanja kwanuko?"

Stephano anaitchula. Hezekiah anaonetsa yake ya pulasitiki, ndipo inali yomweyo, kupatula kuti foni za anthu zinkagwirizana kwambiri ndi ya pulasitikiyo. Pamenepo Hezekiah anakwera pa njerwa nalalikira kuti nthawi ndi imodzi kwa wolemera ndi wosauka, kuti munthu wogula wotchi ya m'nyanja m'dziko lopanda nyanja ayeneranso kugula bwato ndi kulimangirira pa khonde, ndiponso kuti mlongo wake sanaleredwe kuti azisenza madzi a mwamuna wovala thanki pa mkono.

Njovu inayankha mwaulemu woopsa. Inati ya pulasitikiyo ifa isanafike Khirisimasi, pamene yake adzavala adzukulu a adzukulu. Inati galasi lake silikandika, chitsulo chake sichichita dzimbiri, ndipo chinthu chabwino sichitaya mtengo.

Mpingo unang'ambika pakati. Madalaivala ndi amakanika anaima ndi Stephano, amayi a chigwirizano ndi ogulitsa pamsika anaima ndi Hezekiah, ndipo kwaya inasiya kuyimba mogwirizana chifukwa a besi ndi a soprano sankayang'anana.

Koma ngwazi nayo ili ndi mtima. M'nyumba munali zii, ndowa zili gwaa, ndipo Stephano anaphunzira kuti madzi osamba sadziyendera okha kuchokera ku mjigo. Tsiku lina anakwera kombi, minibasi ya kumeneko, mwakachetechete kupita ku Harare, kwa munthu wogula mawotchi akale, kuti aigulitse, agule thanki, mkazi abwerere. Munthuyo anaitembenuza, anaiyamikira kuti ndi yeniyeni ndithu, natchula mtengo wosakwanira kugula thanki. Anati wotchi zapakatizi zikangotuluka m'sitolo zimasiya theka la mtengo wake pakhomo pomwepo. Stephano anabwerera nayo ku Zengeza ikumulemera kuposa kale. Pobwerera panalibenso: chimene sakanatha kuchigulitsa anayenera kuchimenyera nkhondo.

Choncho anatumiza uthenga ku Unit C kuti mawotchi awiriwo atsitsidwe m'madzi akuya pamaso pa anthu, ndipo imene ituluke yamoyo ndiyo yapambana. Hezekiah anavomera. Vuto linali kupeza madzi akuyawo. Ndowa inakanidwa kuti ndi yosaya, diramu nalonso, mtsinje wa Manyame unakanidwa chifukwa cha fungo. Potsiriza anagwirizana za chitsime cha Mai Lisnet ku Manyame Park, chimene chinkatchuka kuti ndicho chakuya kuposa zonse, ndipo mayiyo, munthu wa geni, anavomera mofulumira modabwitsa.

Loweruka masana magulu awiri ankhondo anafika, lina kuchokera kum'mawa, lina kumadzulo, fumbi lili kobo. Mai Lisnet anali atayala kale maputi, ndiwo mbuliwuli za kumeneko, ndi mafiriziti pa geti, ndipo malonda anayenda ngati pa bwalo la mpira. Florida anaima kumbuyo, manja atapinda pachifuwa, osayang'ana mwamuna wake kapena mchimwene wake.

Mawotchi anamangidwa pa chingwe chimodzi. Stephano atamasula lamba, khungu lotuwa limene linatsala pa mkono linamuchititsa manyazi ngati wavula pagulu. Chingwe chinatsika, chinatsikabe, anthu atasiya kutafuna, mpaka chinalefuka. Anadikira nthawi yokwana nyimbo imodzi yonse, imene kwaya inayimba mbali ziwiri zosiyana. Kenako anakoka.

Mawotchi onse awiri anatuluka akuyenda. Anatulukanso ali ouma, atakutidwa ndi fumbi lofiira, ndipo pa lamba wa wotchi ya m'nyanja panali kangaude.

"Hapana mvura, mulibe madzi," anatero Mai Lisnet mosatekeseka, akubweza chenji. "Chinaphwa mwezi watha. Inu munafunsa za kuya, simunafunse za madzi."

Hezekiah analengeza kuti wapambana, poti yake inapita kumene inapita ya mlamu wake n'kubwerako. Stephano anatsegula pakamwa kuti alengezenso zake, koma anaona Florida akubwera pakati pa anthu.

"Baba Tanaka," anatero Florida, kuitanira mwamuna wake dzina la mwana wawo, "wotchi yanu ndi yokongola, ndipo ndikudziwa chimene munagulira. Isungeni. Koma poti imakonda madzi, muzipita nayo ku mjigo m'mawa uliwonse umene muli pakhomo, ndi wilibala ndi zigubu, kufikira thanki itaima pakhomo panga. Ndipo inu achimwene, mwandimenyera nkhondo ndi pakamwa mokwanira, pamene madzi a m'nyumba mwanu ndakhala ndikutunga ndine. Muzikumana konko."

Amayi a chigwirizano anaimba nthungululu. Stephano anaweramitsa mutu namwetulira, pakuti m'mawu onsewo iye anamva awiri okha: pakhomo panga. Anavomera zonse, ndipo anaulula pamaso pa magulu onse kuti wotchiyo ndi yabwino kwa munthu amene ali kale ndi thanki. Hezekiah naye anavomera kuti mivi yowala mumdima ndi chinthu chaulemu, napempha kuti aivaleko pa ukwati wa mwana wake. Anamulola, bola asakweze nayo manja povina.

Mtendere wotere sukanatha popanda chakumwa. Mai Lisnet anatulutsa botolo la Mazoe, chakumwa chotsekemera chofunika kusungunula, nawagulitsa pa mtengo wa tsiku lachikondwerero, koma madzi osungunulira panalibe m'bwalo lonselo. Ngwazi ziwirizo zinathira m'makapu momwemo osasungunula, zinagundanitsa, zinamwa. Misozi inalengeza m'maso mwa onse awiri, milomo inamatana, ndipo khamu linaombera m'manja poona amuna akuluakulu akulira chifukwa cha chikondi cha pachibale.