Nkhwangwa ya Pakhoma

Mpaka lero tikamalowa m'nyumba ya a Haugen ku Lawrence, akazi anga amandinong'oneza kuti manja ndiike m'thumba. Sindiwatsutsa. Ndikudziwa zimene manja amenewa anachita m'nyumbamo.

Mphwanga Dalitso, mwana wa mlongo wanga, anabwera kudzaphunzira ku Indianapolis n'kupezako mbeta, namwino wina dzina lake Kari, amene makolo ake akale anachokera ku Norway. Masiku amenewo kumudzi tinkaimba ndi makadi ogula m'sitolo, ndipo mlongo wanga ali ku Dedza anandiuza mawu akudukaduka: "Achimwene, malume ake ndinu. Chinkhoswe chichitike, ngakhale kuli kwa azungu." Basi ine, wosamalira okalamba wa ku South Bend, ndinasanduka nkhoswe, ndipo mapewa anakwera.

Vuto linali bambo ake a Kari. A Haugen sanakane ukwatiwo, koma sanavomerenso. Anali munthu wamtali, wa mawu owerengeka, woti akakuyang'ana umayamba kukumbukira machimo ako. Dalitso anandichonderera: "Ankolo, mdala uja sanandiakseptebe. Pliz, tsiku limenelo pasakhale drama."

Titapita kukadziwana nawo, ndinaona pamwamba pa malo osonkhera moto pali chishango cha thabwa, chofiira, chojambulidwa nsomba ndi bwato. Pamaso pake, pa tizitsulo tiwiri, panagona kankhwangwa kakale. Nditangofunsa, mkulu wosayankhula uja anatseguka. Anati kwawo mizinda, maboma ndi mabanja ena ali ndi zishango zotere, monga ife tili ndi mkango ndi kambuku papasipoti, ndipo cha dziko lawo ndi mkango wonyamula nkhwangwa. Anati agogo a agogo awo sanali mfumu, anali mmisiri wa mabwato amene ankadinda chizindikiro chake pamatabwa. Anapitiriza kufotokoza kwa nthawi yaitali, ine ndikugwedeza mutu mwaulemu (kunena zoona sindinamvenso kanthu, chifukwa m'kamwa mwanga munali nsomba yaiwisi yoviikidwa m'viniga, ndipo nzeru zonse zinali pofunafuna polavulira).

Poti a kuchikazi mwambo wathu sankaudziwa, ndinalonjeza kubweretsa zonse ndekha: lichero, mthiko ndi tsache za mtsikana, khasu ndi nkhwangwa za mnyamata, tambala ndi thadzi zimene ndinakagula kwa mlimi wina kunja kwa tauni. Nkhwangwa ndinaitsamiritsa pakhomo penipeni kuti ndisaiwale. Tsiku la chinkhoswe, tambala analira njira yonse kuchokera ku South Bend, ana anga akudandaula m'Chingerezi kuti galimoto ikununkha.

Tinapeza bwalo la kuseri kwa nyumba ya a Haugen litadzaza. Amayi a kutchalitchi anali atavala chitenje chimodzi, abale a Kari atakhala mwaudongo ngati akudikira dokotala. Nditatsegula buti, akazi anga anasuzumiramo.

"Bambo a Tadala, nkhwangwa munapakira?"

"Ndinaiika pakhomo kuti ndisaiwale."

"Ndiyetu ikadali pakhomo pomwepo, ikutilondera nyumba."

Munthu wanzeru akanangopitiriza popanda nkhwangwa. Koma pamzere wakutsogolo panali mayi Nyirenda, odziwa mwambo kuposa wina aliyense, amene akanafikitsa nkhaniyo ku Dedza dzuwa lisanalowe. Kusitolo kunali kutali, ndipo woyendetsa mwambo anali atayamba kale kuitana ankhoswe. Ndinalowa m'nyumba kuti ndimwe madzi mtima ukhale pansi, ndipo maso anga anagwera pakhoma paja.

Ndinadziuza kuti ndingobwereka, ndibweza mwiniwake asanaone (chikhalirecho mwiniwakeyo anali atakhala pamzere wakutsogolo, maso ali gwa). Ndinakoka kankhwangwa kaja. Kanakana. Ndinakoka mwamphamvu, kanatuluka, chishango chonse n'kutsetsereka kukagwera kuseri kwa sofa. Ndinamva kuti thyo! Sindinasuzumire. Ndinakulunga nkhwangwa m'chitenje n'kutuluka ndi nkhope ya mkulu wa mpingo.

Mwambo unayenda bwino kwambiri. Tinasinthana nkhuku, amayi anavina, Kari analandira lichero atagwada mpaka mayi Nyirenda anamuombera m'manja. Kenako ndinaimirira, n'kulankhula mwamphamvu kuti mwamuna ndi nkhwangwa, pakhomo pake pasasowe nkhuni, ndipo ndinapereka phukusi. Dalitso atamasula, nkhope yake inachita phulusa.

"Ankolo," ananong'ona, "mwapanga chani?"

Ndisanayankhe, amayi anayamba kufuula: "Ationetse! Adule tione ngati ndi mwamuna!" Wina anagubuduza chipika cha nkhuni n'kuchiika pakati. Dalitso anandiyang'ana, ndipo ine, nkhoswe yake, malume ake omudalira, ndinamugwedezera mutu. Anatema kamodzi. Mpini wouma ndi ukalamba uja unathyoka pakati, chitsulo n'kutsala chili chilili m'chipikamo.

 Kari anagwira pakamwa. A Haugen anaimirira pang'onopang'ono, ndipo ine ndinaona ukwati wa mwana wa mlongo wanga ukufera m'manja mwanga. Mantha ngati amenewo sindinawamvepo. Ndinagwada pa udzu ndi suti yanga yatsopano, ndikuomba m'manja monga timachitira kwathu, n'kuulula zonse m'Chingerezi: kuti mwanayo sakudziwa kanthu, kuti nkhwangwa yathu ili ku South Bend, kuti wakuba ndine.

A Haugen anazula chitsulo chija n'kuchitembenuza m'manja. Kenako anandifunsa: "Kwanu, mnyamata akapatsidwa nkhwangwa, zimatanthauza chiyani?"

"Zimatanthauza kuti a kuchikazi amukhulupirira, bambo. Akuti asamale mwana wawo."

"Tsiku lija ndinakuuzani kuti nkhwangwa iyi imachoka kwa bambo kupita kwa mwana wamwamuna," anatero, "ndipo kuti ine ndili ndi ana aakazi okhaokha." (Ndiye zimene ankanena nthawi ya nsomba ija!) "Ndinkaganiza kuti idzathera pakhoma."

Anatembenukira kwa Dalitso, mnyamata atangogwira chidutswa cha mpini. Ndiyeno anamuika chitsulo chija m'manja, n'kutseka manjawo ndi ake.

"Mpini udzasema wekha, mwana wanga. Ubwere Loweruka ndidzakuonetse."

Mawu akuti mwana wanga anali asanatulukepo pakamwa pawo poyankhula ndi Dalitso. Nthungululu zinamveka mpaka kwa aneba, Kari analira, ndipo ine ndinalira kwambiri kuposa iye, ndili chigwadire. Mkulu uja anandidzutsa ndi dzanja limodzi.

"Nanga chishango changa chili kuti?"

"Kuseri kwa sofa, bambo."

"Chathunthu?"

"Chonse chilipo, bambo. Kungoti chili pawiri."

Chishango chakale anachimata okha, ndipo mzere wake umaonekabe. Koma pa tsiku la ukwati anavundukula china chatsopano chimene anajambulira anawo. Mbali ina kuli nsomba ya a Haugen, mbali ina tambala wathu, ndipo pamwamba pali dzanja logwira nkhwangwa. Anandifotokozera, osaseka ngakhale pang'ono, kuti dzanja lotere limapezeka kawirikawiri pa zishango za kwawo. Mwina n'zoona. Koma dzanja limeneli ndi lakuda, ndipo lavala wotchi yofanana ndendende ndi yanga.

Lero chili m'nyumba ya Dalitso ku Speedway, nkhwangwa ya mpini watsopano ili pamaso pake. Alendo akafunsa, ine ndimati ndi dzanja la kulimba mtima, ndipo akazi anga amadikira ndimalize kuti anene zoona. Adzukulu amene sanabadwe adzaliona dzanja limenelo, ndipo ndimawakonda a Haugen chifukwa cha chilango chokoma chimenechi.

Ndinaphunzirapo kuti wamkulu akamayankhula uzimvera, ngakhale m'kamwa muli nsomba yaiwisi. Za manjazi ndiye sindilonjeza. M'khitchini mwa a Haugen mwapachikidwa chipande chosemedwa bwino cha agogo awo aakazi, ndipo mwana wanga wamkazi Tadala wakula.