Adiresi ya Kompyuta ndi Kansalu ka Nabanda

Lolemba
Ndalonjeza, pagulunso. Chinkhoswe cha mlongo wanga Esnati chili Loweruka ku Nathenje, koma achimwene a Yohane, eni mbumba, ali ku Joni ndipo abwana awakaniza tchuthi. Ndawauza kuti zithunzi ndi makanema aziona tsiku lomwelo pa kompyuta yanga yakale, pompano pa Mitundu. Kale tonse tinkagawana adiresi imodzi ya intaneti, ngati makalata a mudzi wonse ofikira pa bokosi la sukulu. Pano ndi njira yatsopano ya IPv6 chipangizo chilichonse chili ndi yakeyake. Achimwene alowa ndi VPN, kanjira kotetezeka ka pa intaneti, mpaka m'nyumba mwanga, popanda wapakati!

Lachiwiri
Zofunika: kompyuta, rauta (kabokosi kobweretsa intaneti), batire la sola, kuleza mtima. Adiresiyo kutalika kwake! Ndikuwawerengera achimwene pa foni kanayi. Alowa! Aona chithunzi cha mbuzi yathu. Akuti yaonda.

Lachitatu
Sizikulowa. Ndikupeza rauta yafundidwa kansalu koluka, yatentha ngati mbatata yootcha mpaka kuzima. Mkazi wanga Nabanda: "Zinthu zabwino sizikhala pa fumbi, bambo." Tsoka lake, ikazima n'kuyakanso adiresi imasintha. Kuwerenganso. Kanayi!

Lachinayi
Kansalu ndachotsa. Ndafotokoza modekha kuti rauta imafuna mpweya. Pobwera kudimba, kansalu kabwerera, pamwamba pake maluwa apulasitiki. Achimwene: "Iwe, umasamuka kangati pa sabata?" Mutu ukundiwawa.

Lachisanu
Rauta ndaikweza pamwamba pa kabati, pomwe Nabanda safika. Zikuyenda! Masana apongozi afika kuchokera ku Malingunde. Ayang'ana m'mwamba, apukusa mutu, akwera pampando, aiphimba ndi chitenje chawo chatsopano. "Mwana wanga sindinamulere chonchi," akutero. Munthu ungavundukule chimene aphimba apongozi, iwo atakhala pomwepo?

Loweruka
Nathenje. Ankhoswe akusinthana nkhuku, nthungululu ponseponse, ine ndikujambula thukuta lili kamukamu. Kutumiza ku kompyuta kunyumba: yakana. Kutumizanso: yakana. Apongozi anatuluka omaliza m'mawa, chitenje chili pomwepo. Achimwene aimba kasanu. Sindikuyankha, ndabisala kuseri kwa tenti. Esnati akundifunsa ndi maso ngati achimwene akuona. Ndagwedeza mutu ngati ndikuvomera. Manyazi!

Lamulungu
Apongozi apita, chitenje chawo atenga. Rauta yazizira, zonse zikuyenda bwinobwino. Ndatumiza adiresi yatsopano. Achimwene: "Usavutike, mphwanga. Azakhali anandiimbira pa kanema dzulo, ndaona mwambo wonse. Ndinakuonanso iwe kuseri kwa tenti."

Basi. Khomo la kompyuta yanga lili chitsegukire, wogogoda palibe. Nabanda wakhala pakhonde, akuluka kansalu kena. Akuti aka ndi ka kompyuta.