Mbewu ya Apongozi M'chumuni

Nkhani iyi mkazi wanga Nabanda amaikamba paliponse, pamaliro ndi paukwati pomwe, ndiye bola manyazi angawa ndiulule ndekha.

Ine ndine mkamwini kuno ku Kabwazi. Mwezi wa Juni kukazizira tinkatseka chitseko cha khitchini n'kumawotha moto wa pamafuwa, maso ali psuu ndi utsi. Mwana wathu Tadala anayamba kutsokomola osaleka. Kuchipatala anatiuza mosabisa kuti mu utsi muli tinthu ting'onoting'ono tosaoneka timene timakakhazikika m'mapapo. Ndinachita mantha kwambiri.

Sabata yomweyo ndinamanga mbaula ya njerwa ndi dothi, yokhala ndi chumuni chotulukira padenga. Nkhuni zinayamba kulowa zochepa, utsi wonse kunja, chifuwa cha Tadala n'kuyamba kutha. Ine ndinayamba kuyenda ngati injiniya.

Koma panali vuto. Chaka chilichonse apongozi anga amapachika mbewu yawo ya chimanga chamakolo kudenga la khitchini yathu kuti utsi uzipirikitsa anankafumbwe. Tsopano utsiwo munalibe. Ine ndi apongozi sitiyankhulana maso ndi maso, mwaulemu wake, choncho anadzera mwa mwana wawo.

"Nabanda, uwafunse bambo a Tadala. Mbewu yanga aisunga ndi chiyani poti utsi athamangitsa?"

"Auzeni asadandaule," ndinayankha ndili kuseri kwa nkhokwe. "Pulani ilipo!"

Pulani yake inali iyi: utsi wasamukira m'chumuni, ndiye mbewu iutsatire komweko. Madzulo zophika zitatha, Nabanda ali kudimba, ndinakwera padenga, n'kumanga zimanga zonse pa waya, n'kuzitsitsira m'chumuni ndi makoko omwe. Sindinauze munthu. Ndinkafuna adzadabwe ndi nzeru zanga nthawi yodzala.

M'mawa mwake alangizi a zaumoyo anabwera ndi amayi a m'mudzi kudzaona mbaula yopanda utsi. Apongozi anayala mkeka pafupi ndi khomo. Ine ndinavala jekete ya kutchalitchi.

"Amayi, iyi ndi sayansi," ndinatero. "Utsi simuuona olo pang'ono!"

Nabanda anakoleza moto. Utsi unakwera, unapeza njira yotseka, n'kubwerera wonse tolotolo! Amayi anayamba kutsokomola, ena kudziphimba kumaso ndi chitenje.

"Nkhunizi n'zaziwisi," ndinatero.

"Zaziwisi ziti?" anafunsa Nabanda. "Si mwaziumitsa nokha mwezi wathunthu?"

"Ndiye ndi mphepo ya kuphiri."

"Bambo, kunjaku ngakhale tsamba silikugwedezeka," anatero alangizi akupukuta misozi.

Chomwe chavuta ndinachidziwa, koma kuulula apongozi ali pomwepo? Ayi ndithu. Ndinaganiza kuti moto ukakula utsi udzikankha wokha. Ndinasonkhezera nkhuni za paini, n'kumapemerera ndi chivundikiro cha poto mpaka malawi analowa m'chumuni.

Kenaka tinangomva phu! phu! thethethe!

"Mayo, chaphulika!" anakuwa mayi wina. Onse anathamangira pakhomo, wina mpaka kusiya patapata. Alangizi ndiwo anali patsogolo.

Fungo la chimanga chokazinga linadzaza bwalo lonse. Makoko anapsa, zimanga zinapulumuka pa waya n'kugwera m'mbaula zili bii, njere zikudumpha mbali zonse. Nabanda anayang'ana zimangazo, n'kundiyang'ana ine, manja ali m'chiuno. Ndinalakalaka nthaka itang'ambika.

Apongozi okha sanasunthe. Anatola njere imodzi yomwe inagwera pamkeka, anaiuzira, n'kuitafuna modekha.

"Nabanda," anatero, "uwafunse bambo a Tadala. Mbuliuliyi tidzala ndi mvula yoyamba kapena yachiwiri?"

Lero chumuni chikukoka bwinobwino ndipo Tadala sakutsokomolanso, koma m'mudzi muno anaphunzira: mkamwini akati pulani ilipo, bisani mbewu.