Chiliza cha Bambo pa Laputopu

Lolemba
Atitsekeranso m'nyumba chifukwa cha mliri, Perth yense. Kuntchito ku Malaga ati tisapite. Mpata ndi umenewu. Bambo anamwalira ku Mchinji malire ali otseka, maliro ndinaonera pa foni. Achemwali akuti ndijambule chiliza choti mmisiri akatsanzire. Ndapeza pulogalamu yopanga zithunzi zooneka ngati zojambula ndi kamera. Yaulere!

Lachiwiri
Zofunika: mwala wakuda, mtanda, maluwa, dothi lofiira la kwathu. Dzina la bambo dzanja likukana kulilemba poyeserera. Ndaika langa kaye. Chithunzi chimayamba ngati mchenga, n'kumayera pang'onopang'ono. Laputopu ikulira ngati chigayo.

Lachitatu
Chatuluka. Manda enieni! Dzina langa likunyezimira. M'mwalamo mukuoneka munthu ataima, koma ine sindinaikemo munthu. Pa intaneti akuti ndi amene anajambula chithunzi cha thambo chimene ndinatsitsa n'kuika kumbuyo kwa mandawo. Kaya. Mwana wanga Tadala wasuzumira: "Dad, that's creepy." Ndatumiza kwa achemwali, aone mtundu wa mwala basi.

Lachinayi
Achemwali aponya pa gulu la abale osawerenga! Foni ya mayi a Tadala ikungolira, iwo ali pa shifiti kuchipatala ku Nedlands. Yanga zii. Wakufa amamuimbira ndani? Ndalemba pagulupo kuti ndili moyo. Amalume ayankha: "Amene wagwira foni ya malemu aope Mulungu."

Lachisanu
Kugogoda pakhomo. Ndatsegula, palibe munthu. Pansi pali mpunga, shuga, nkhuku yootcha, ndi khadi la chipepeso lochokera kwa amayi a mpingo ku Rockingham. Kumsewu mayi wina wovala masiki wandiona. Ndamukwezera dzanja. Walowa m'galimoto chobwerera m'mbuyo, maso ali pa ine.
Nkhuku tadya. Ndekha ndimatafuna mwamanyazi.

Loweruka
Amayi aimba. Abale anasonkhana kale pakhomo pawo, ena ndi nkhuni zomwe. "Yatsa kamera." Ndayatsa, netiweki yaumitsa nkhope yanga, kukamwa kuli yasa. Ndikumva kukuwa: "Phethira! Phethira!" Kenako andifunsa dzina la galu amene anandiluma ndili mwana. Ndatchula. Alira nthawi yaitali. Pa maliro a bambo sindinalire bwino, lero ndalira.
Atapuma: "Ndiwedi. Chitsiru."

Lamulungu
Mapemphero a pa intaneti. Abusa alengeza kuti m'bale wathu ali moyo. Ena aomba m'manja, ena azimitsa makamera. Mayi a Tadala sakundilankhula. Chiliza amayi apereka kwa mmisiri wa pa boma, amujambulira pansi ndi kamtengo, wamva pomwepo. Ine andiuza kuti ndisathandizenso.
Oyamikira ndi amalume okha. Akuti mwala ndinasankha wabwino, zilembo zake n'zoongoka, ndisafufute. Tsiku likadzafika sadzavutika.