Tinamanga Lamba Tonse, Ngakhale Nsomba

"Amake Lute, kodi lero mwamanga lamba?"

Awa ndi amake Dalitso, aneba anga, kundifunsa dzulo pa mjigo, ndowa ili pamutu, azimayi onse a pamzere akumva. Ndinangokonza nkhata n'kumapita, kuseka kukunditsatira mpaka pa mtengo wa masau. Funso limeneli ndalimva kambirimbiri chichokere Okutobala uja, ndipo ndaona kuti bola ndinene ndekha mmene zinayendera, chifukwa m'kamwa mwa amake Dalitso nkhaniyi yamera kale nyanga ndi mchira.

Amuna anga, atate ake Lute, anali ndi motoka yakale yoyera imene anagula kwa mphunzitsi wina wopuma ntchito. (Ndati yoyera potsata mapepala ake. Maso ankaona mtundu wa fumbi la kwathu ku Feira.) Chitseko chakumbuyo chinkatsegukira kunja kokha, hutala inkalira ikafuna yokha, koma motoka inkayenda. Ntchito yake inali imodzi: kunyamula nsomba zaziwisi zimene amabwera nazo a mabwato ochokera ku Zumbo, kutsidya kwa mtsinje, n'kuthamanga nazo kumsika wa ku Buliji, pa msewu waukulu wa ku Lusaka, aisi asanasungunuke. Kuyendetsa anandiphunzitsa okha pa bwalo la mpira, ndipo m'boma ndinkaizungulitsa bwinobwino, kupita kuchigayo kapena kusikelo ya mwana. Koma za pansi pa boneti sanandiuzeko. Ankati kumeneko n'kwa amuna, ngati kukumba manda.

Sabata ina ya Okutobala uja kunagwa maliro a amalume awo kutsidya, ku Zumbo komweko, iwo n'kuwoloka. M'mawa mwake amake Dalitso anafika pakhomo akupuma m'mwamba. Anali atagula pende ndi mcheni zodzaza mabokosi awiri a aisi, podalira kuti motoka ipita monga mwa masiku onse. Nsomba zimenezo zinali mpamba wawo wonse.

"Ndiye zindiwolere m'manja chifukwa amuna anu ali kumaliro? Si inu mumayendetsa?"

"Ndimayendetsa m'boma chabe."

"Msewu ndi umodzi, mwandi. Ngakhale mbuzi siingasochere."

Ndinavomera. (Ndisaname, mtima unkafunanso kuti anthu a ku Buliji aone mzimayi wa ku Feira akutsika pa mpando wa dalaivala.) Bokosi limodzi tinaika m'buti, linalo pa mpando wakumbuyo. Lute, amene panthawiyo anali woyamwa, anamufukata amake Dalitso kutsogolo.

Tinayenda bwino mpaka dzuwa litakwera. Tisanafike ku Katondwe, kutsogolo kwa motoka kunamveka thwa, ngati wina wakwapula chitseko ndi mkwapulo. Ndinati ndi mwala. Nthawi yomweyo patsogolo panga panayaka kanyali kofiira, kojambulidwa kabokosi kokhala ndi kamtanda mbali ina, kamzere mbali inayo.

"N'chiyani icho?" anafunsa amake Dalitso.

"Kanyali."

"Ndikukaona kuti n'kanyali. Kakuti chiyani?"

Apa ndinachita chinthu chanzeru chimodzi chokha cha tsiku lonselo: ndinaima pambali n'kuimbira amuna anga. Foni ya kutsidya mukuidziwa, mawu amabwera ngati akuwoloka pa bwato lobooka. Kumbuyo kwawo kunkamveka azimayi akuimba nyimbo za maliro.

"Atate ake Lute, motoka yayatsa kanyali kofiira."

"Motoka iti? Kodi muli kuti?"

Funso limenelo ndinachita ngati sindinalimve. "Kofiira, kokhala ndi kamtanda."

"Ka batire... lamba... onani lamba... musa..."

Foni n'kuduka. Ndinayesanso kuimba, osalowa. "Musa" ameneyo ndinamudziwa mochedwa kuti anali "musayende". Koma "lamba" ndinamumva bwinobwino, ndipo mtima wanga unakhala pansi, chifukwa za lamba ndinkazidziwa. Tsiku limene ndinkapita kukachira Lute, motoka ya chipatala inayatsa kanyali kofiira, dalaivala n'kunena kuti, "Mangani lamba, mayi." Nditamanga, kanazima. Ndiye apa kanyali n'kofiiranso, kali ndi kamtanda ka chipatala, amuna anga anena lamba. Inuyo mukanaganiza chiyani?

Ndinayamba ndi wanga. Lamba ameneyo chichokere kwa mphunzitsi uja sanakhudzidwepo. Anali wouma ngati chikopa, ndipo m'kachitsulo kolowetsamo munali makoko a nsawa ndi mphemvu yakufa. Ndinakolokosa ndi kamtengo, ndinamanga. Kanyali phee, kakundiyang'ana.

"Mwatsala ndinu," ndinauza amake Dalitso.

Aneba angawa Mulungu sanawamane thupi. Ndinamuika Lute pa mpando wanga, n'kuzungulira mbali yawo kukakoka. Lamba anafika pa mchombo n'kukana.

"Kokerani mpweya m'kati."

"Ndikaukokera m'kati utulukira kumbuyo, ndiye mudzati ndi nsomba."

Ndinavula chitenge changa chapamwamba, chija cha maluwa achikasu chimene ndinkavala kutchalitchi, n'kulumikiza lambayo mpaka anafika. Tinayang'ana kanyali. Kanali kofiirabe.

Apa ndi pamene ndinafika pamalo amene amake Dalitso amakonda kuwabwereza. Ndinaganiza kuti motoka ikumva kulemera pa mpando wakumbuyo, ndiye ikuyesa kuti pakhala munthu. Ndinatuluka, ndinatsegula chitseko chija, ndinamanga lamba bokosi la nsomba, ndinalimbitsa ngati ndikubereka mwana. Abambo awiri a panjinga anaima n'kumaonerera. Mmodzi anafunsa mwaulemu ngati m'bokosimo muli wodwala.

Kanyali sikanazime. Ine munthu woleza mtima, ndinati motokayi yakalamba, imachedwa kumva, kazima m'njira. Tinanyamuka.

Pang'ono pang'ono kasingano kena kanayamba kukwera kulowera kofiira. Kameneko ndinkakadziwa kuti n'kosonyeza kutentha, koma ndinati kakunena zoona: ndani sakutenthedwa ku Feira mwezi wa Okutobala? Ine thukuta linali chuchuchu, amake Dalitso akudzikupiza ndi kapepala ka katoni, nanga motoka ilekerenji? Kenaka kunabwera fungo. Ndinayang'ana amake Dalitso, iwo n'kuyang'ana ine, tonse n'kugwirizana kuti ndi Lute. Anamutembenuza mwana wanga wosalakwa n'kumununkhiza thewera. Linali louma.

Tikali kukambirana za theweralo, m'mbali mwa boneti munayamba kutuluka nthunzi. Injini inatsokomola, inanjenjemera, n'kuzima. Tinaima pakati pa tchire la mitsanya yopanda tsamba, mthunzi wosakwana ngakhale nkhuku. Pamsewu panali ndowe za njovu zosauma bwino, ndipo amake Dalitso anayamba kulimbana ndi mfundo ya chitenge chija kuti atuluke. Mfundo zanga sizimasuka. Anachita kung'amba.

Boneti ndinaitsegula nditakoka chilichonse chokokeka pansi pa chiwongolero. (Chimodzi mwa zimenezo chinatsegula buti, china chinanditsalira m'manja.) Kutentha kumene kunandiwomba kumaso kunandikumbutsa Lute atadwala malungo. Mayi aliyense amadziwa: mwana akatentha thupi, umamuika nsalu yonyowa. Madzi akumwa anali atatha. Ndinatsegula bokosi la m'buti, ndinatunga madzi a aisi ndi mbale n'kuyamba kukhuthulira pa injini. Anangoti tswii n'kuuluka. Ndinayamba kunyamula aisi weniweni.

"Amake Lute, ameneyo ndi aisi wa nsomba zanga."

"Ikazizira tifika msanga, ku Buliji tikagula wina."

"Nanga ikapanda kuzizira?"

"Palibe malungo osatsika."

Ndinathira wa bokosi loyamba, ndinatapanso wa lachiwiri, lambayo ndikumusiya ali chimangire. Ndiye m'kati mwa injini munamveka twa, kamawu kakang'ono, ngati mphika wadothi ukang'aluka pamoto. Ine ndinati malungo atuluka. Ndinalowa, ndinamanga lamba, ndinapotoza kiyi. Motoka inati ke, ke, ke, n'kusiya. Ndinapotozabe mpaka ngakhale ke uja anatha. Ndipo pamenepo, abale anga, kanyali kaja kanazima. Ndinatsala pang'ono kululuta.

Tinakhala pamsewupo dzuwa lonse la masana, Lute akuyamwa thukuta. Dzuwa litapendeka kunabwera lole ya makala yochokera m'midzi ya ku Mburuma. Dalaivala wake, bambo wachikulire wa ndevu zaimvi, anatsika, anatilonjera, anasuzumira m'boneti, anapisa dzanja m'kati n'kulitulutsa lopanda kanthu.

"Mayi, lamba ali kuti?"

Ndinadzigunda pachifuwa. "Tamanga tonse, atate. Ngakhale nsomba."

Anandiyang'ana. Anapita kukasuzumira pa zenera lakumbuyo, anaona bokosi lili chikhalire pa mpando, lamba ali pamimba, ngati bwana akupita kumsonkhano. Anazungulira kuseri kwa lole yake, ndipo kwa kanthawi tinkangomva ngati munthu watsamwa ndi fupa. Anabwerako akupukuta m'maso.

Ndiye anandionetsa timawilo tating'ono kutsogolo kwa injini, topanda chozungulitsa. Anati pamenepo pamakhala lamba wa mphira. Ndiye amene amatembenuza chokupizira injini mphepo, ndi choyendetsa madzi, ndi chodzaza moto m'batire. Thwa uja sanali mwala, anali lamba akuduka. Kabokosi ka pa kanyali kanali batire, ndipo kamtanda kaja sikanali ka chipatala. Kanazima chifukwa batire ndinali nditaimaliza.

"Koma musade nkhawa," anatero. "Munthu woyenda msewu uno sangasowe lamba wapadera. Kamphira kakuda kozungulira, kokhala ndi mano m'kati. Amakonda kukabisa pansi pa mpando."

Ndinayang'ana pansi. Ndinayang'ana mitsanya. Ndinapemphera kuti njovu ibwere.

"Wakuda, wa mano m'kati?" anatero amake Dalitso pang'onopang'ono. "Amake Lute, si uja munadula n'kumangira chitseko cha khola la mbuzi? Uja munandiitana kuti ndidzaone kulimba kwake?"

Anali yemweyo. Ndinamupeza posesa m'motoka nthawi ya dzinja, n'kunena kuti amuna amasunga zinyalala.

Dalaivalayo anasuzumiranso. "Nanga madzi ozizira wathira ndani pa injini yotentha?"

Amake Dalitso anangondiloza ndi milomo.

"Mwaiswa mutu, mayi. Ngakhale lamba akanapezeka, iyi lero siyenda."

Tinatsegula mabokosi. Pende zinali zitatuwa maso, mcheni zitatupa mimba, ntchentche zitaitanizana kuchokera kumidzi yonse. Ndinabwereka mpeni kuti tizitumbule tiyanike, koma mchere tinalibe, ndipo nyama yake inkangoyoyoka m'zala. Amake Dalitso anakhala pa bokosi lopanda kanthu n'kumayang'ana mpamba wawo, osatukwana, osalira. Ndikanakonda akanatukwana. Lole inatikoka ndi chingwe mpaka pamudzi wina pafupi ndi Katondwe, kumene azimayi anasankha zochepa zowamba, zotsalazo n'kukhala phwando la agalu.

Amuna anga atabwerako kumaliro anapita kukaitenga motoka, inabwera chokokedwa. Ine ndinali nditakonzeka kukalipiridwa mpaka kwathu. Iwo anamvetsera nkhani yonse, kenaka ananyamuka kupita kukhola. Anagwira lamba uja, anamukoka, anagwedeza chitseko.

"Wagwira bwino," anatero, n'kupita kukasamba.

Mawu awiri amenewo amandiwawa mpaka lero. M'mawa mwake anatsegula chitseko chomwecho, anatulutsa mbuzi ziwiri zazikazi, n'kundipatsa chingwe kuti ndikazipereke ndekha kwa amake Dalitso. Ndinadutsa nazo pamsika. Amake Dalitso sanandilankhule mpaka mvula yoyamba, ndipo atayamba kundilankhula anayamba ndi funso lija.

Motoka ili pansi pa mtengo kuseri kwa nyumba, ikudikira injini imene amuna anga amati idzachokera ku Lusaka. Nkhuku zimaikira pa mpando wakumbuyo. Ine masana ndimakhala kutsogolo n'kumasenda nsawa, chifukwa pali mthunzi, ndipo tsiku lina Lute anandipeza nditamanga lamba. Sindikudziwa kuti ndinamanga nthawi yanji.

Zimene zinapita tsiku limenelo ndi izi: mabokosi awiri a nsomba, aisi wake, batire, injini, malamba awiri, chitenge cha kutchalitchi, mbuzi ziwiri, ndi dzina langa. Pa mjigo tsopano ndine amake Lamba.