Mtembo Mwauona?

Pa Lizulu panalibe munthu wobenetsa filimu asanamve kaye kuti a Silvester ati chiyani. Ndipo a Silvester, mzimu wawo uuse mumtendere, analibe nazo ntchito zoti mwini filimu ndani kapena mfuti zalira motani. Iwo nkhani yawo inali mitembo basi. Filimu ikatha ankavula chipewa, n'kupukuta dazi, n'kuyamba kufunsa ngati anthu amene afa m'menemo aikidwa m'manda kapena angosiyidwa pamtetete. Chigamulo chonse chinkachokera pamenepo.

Ine ndine Hilary, mwini kashopu kobenera nyimbo ndi mafilimu kuseri kwa ogulitsa kachewere, ndiye ndikamati mkuluyu anandisautsa sindikunena zongomva. Palibe anawalemba ntchito. Anangofika tsiku lina ndi ndodo yawo, n'kukhala pabenchi langa, n'kundiuza kuti iwo kanema anayamba kuonera ku migodi ya ku Joni ine ndisanabadwe, choncho filimu iliyonse yatsopano izidzera kaye m'maso mwawo. Ndinaseka. Pomwe mwezi unkatha n'kuti makasitomala anga akundidutsa ngati chitsa, moni n'kumapereka kwa iwo.

Filimu ikawakomera ankati, "Imeneyi ilowe m'nyumba." Ikawanyansa ankaloza kumsewu ndi ndodo n'kunena kuti iwoloke. Paja kwathu kuno ukangodumpha msewu waukulu uli ku Mozambique, ndiye filimu yowoloka msewu inali yothamangitsidwa m'dziko. Imeneyo ngakhale ndiiikire chithunzi chokongola bwanji pakhomo, inkangochita fumbi.

Za nkhonya ndi mfuti ndiye zinkawoloka pafupifupi zonse. Ndikukumbuka ina imene achinyamata ankaifuna ngati mchere. Munali chimzungu cha minofu ngati matumba a kabichi, chimene chinasesa adani kuyambira pachipata mpaka padenga. Itatha, mphunzitsi wina amene ankadikira ndi memole yake m'manja anafunsa kuti, "Bwanji madala, tibene?"

"Anthu onse aja alibe kwawo?" anatero a Silvester. "Palibe wothamanga kukanena uthenga, palibe wosonkha moto pasiwa, adzukulu okumba manda sindinawaone. Munthu watha mudzi wathunthu, kenako akukamwa tiyi osasamba n'komwe. Iwoloke."

Ndinawauza kuti madala, izi n'zongosewera, anthuwo akadzuka n'kukalandira malipiro awo. Anandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi. Anati zoti n'zosewera akuzidziwa bwino kuposa ine, koma munthu amene satha kulira maliro ngakhale posewera, tsiku la zenizeni sadzathanso.

Zimene ankazikonda zinali zamakedzana, za mafumu okwera akavalo ndi azimayi ovala madiresi otambalala ngati nkhokwe. Kumeneko mfumu ikafa, anthu amavala zakuda n'kuyenda pang'onopang'ono, ndipo a Silvester ankagwedeza mutu kuti awa ndiye analeredwa. Komabe sizinkatha popanda dandaulo. Ankafuna kudziwa kuti anthu amenewa amadya chiyani, poti filimu yonse sanaonemo munthu atagwira khasu. Nkhondo ikayamba, Ungoni unkawakwera. Ankati asilikaliwo akugwira zishango ngati akupeta mpunga, ndipo tsiku lina anaimirira kuti ationetse kagwiridwe kake, n'kuponda pansi mwamphamvu monga amachitira povina ngoma. Sipika yanga inagwa pashelefu, ndipo mpaka lero imalira ngati ili ndi chimfine.

Koma pamene panagona ulemu wawo panali pa mafilimu a apolisi ndi zigawenga. Chigawenga chikawomberedwa n'kugwera mumtsinje, tonse tinkaomba m'manja. Iwo ayi.

"Khalani pansi. Mtembo mwauona?"

Tikati madala, munthu wagwa kuchokera pamlatho, ankangopinda manja. Ndipo zoonadi, filimu ikamapita kumapeto chigawenga chija chinkatulukira ndi chipsera patsaya. Sanaphonyepo. Ankakangana ngakhale ndi anyamata omasulira aja, amene amaika mawu a Chichewa m'mafilimu. Womasulira akati basi wapita ameneyo, a Silvester ankayankha wailesi ya kanemayo kuti bodza iwe, usanamize anthu, ngati kuti mnyamatayo wakhala m'kati mwakemo. Mawu awo aja anafalikira msika wonse. Mbuzi ikasowa, mwini wake akamalira kuti afisi adya, anzake ankamufunsa ngati mtembo wauona.

Tinkaseka. Sitinadziwe kuti mawu omwewo adzatikhala pakhosi.

A Silvester anali ndi mwana mmodzi yekha wamwamuna, Raymond, amene anakwatira Regina wa ku Kandeu n'kumutengera kwawo. Ukwati usanakhalitse, mwana asanabadwe n'komwe, Raymond ananyamuka ndi anzake kukasaka ntchito ku Joni, modzera njira zachidule poti analibe mapepala. Patapita miyezi mmodzi wa anzakewo anabwerera, wowonda, n'kukagwada pakhomo pa a Silvester. Anati powoloka Limpopo madzi anali ambiri, Raymond anaterereka, ndipo mtsinje unamutenga iwo akuona. Anafufuza m'mphepete osapeza kanthu.

Azimayi anayamba kulira. A Silvester anawaletsa ndi dzanja, n'kumufunsa mnyamatayo funso lawo lija. Ine ndinalipo.

Akuluakulu anayesetsa. Anati mwambo ulipo, munthu akapita ndi madzi timaika thunthu la nthochi m'manda kuti maliro alirike, kenako mkazi wake timamusudzula, kumumasula kuti abwerere kwawo akayambe moyo wina. A Silvester anati iwo sangaike nthochi mwana wawo ali moyo. Malume ake a Regina, a Raphael, anapalasa njinga kuchokera ku Kandeu kangapo konse. Ulendo womaliza anapsa mtima n'kunena kuti moyo wa mwana wawo si vidiyo. A Silvester anayankha mofatsa kuti iwo aona anthu ambiri akugwera m'madzi, ndipo onse anabwerera.

Ndiye Regina anakhala choncho, wamasiye ayi, wapabanja ayi. Apongozi ake aakazi anali atamwalira kale, choncho kuphika, kuchapa, kulima kachewere, zonse zinali zake. Kuthawa akanatha, koma anali munthu wa mapemphero ndi waulemu wa mtundu wopweteka nawo mwini. Chrispine, wogula kachewere wopikulitsa, munthu wofatsa ngati nkhosa, anatumiza mawu kwa a Raphael kuti akumufuna. Kutchalitchi anati sangadalitse ukwati pamene eni mwamuna akuti mwamunayo alipo. Zaka zinapita. Madividi anatha, tinayamba kuika mafilimu m'mafoni, anzake a Regina ana awo anayamba sukulu, iye akadali kuyanika malaya a Raymond kuti angachite nkhungu.

Ine zimenezi zinkandinyansa, ndisaname. Mkulu yemweyo wolirira mitembo ya azungu osawadziwa ankalephera kuona munthu wamoyo akufota pakhomo pake. Koma ukawayang'ana basi yochokera ku Joni ikaima pamsika, mmene ankaimirira n'kumasuzumira aliyense wotsika, mkwiyo unkathera m'mimba. Ankakhalanso pansi n'kunena kuti mwina ya mawa.

Tsiku lina ndinati munga timachotsa ndi munga unzake. Ndinasakasaka mpaka ndinapeza filimu yamakedzana ya msilikali amene ngalawa yake inamira, mkazi wake n'kumudikira pakhonde mpaka imvi, ndipo mwamunayo osabwera mpaka zilembo zakumapeto. Ndinawaikira ngati sindikudziwa kanthu. Anaonera chete, chipewa chili pabondo. Itatha ndinafunsa chigamulo.

"Gawo lachiwiri lili kuti?"

Ndinati palibe. Anati ndisachite ulesi, ndifunse anzanga a ku Lilongwe. Tsiku lililonse la msika ankafika ndi funso lomwelo, ndipo anakana kuweruza filimu ina iliyonse mpaka gawo lachiwirilo litapezeka. Makasitomala anayamba kundida ine, amvekere Hilary wabisa gawo lachiwiri. Mayi wina wogulitsa tomato anachita kunditukwana kuti ndikuzunza nkhalamba. Taonani, msampha wanga womwe unandikola ndekha.

Mapeto ake ndinawaonetsa pafoni kuti filimuyo inapangidwa kalekale, amene anaipanga anamwalira, ndipo sanapangenso ina. Anati ndiyiikenso. Tinaonera kachiwiri masana a tsiku la msika, anthu atadzaza mpaka pakhomo kudikira chigamulo. Ili pafupi kutha, Regina anafika ndi mankhwala awo a chifuwa amene anaiwala kunyumba. Anagwada chapatali monga achitira mkazi kwa apongozi, kudikira kuti amalize kulankhula.

A Silvester sanamuone. Anali atatentha. Anati wopanga filimuyi ndi munthu wankhanza, wopanda chisoni, ndipo ikanakhala milandu akanalipa mbuzi. Za msilikaliyo anati alibe nazo mawu, za m'madzi amadziwa ndi Mulungu. "Koma mayi uja walakwanji? Chiyambire filimu ali pakhonde. Anzake akukwatiwa, akubereka, iye pakhonde. Kulibe akuluakulu m'dziko limenelo? Palibe ndi mmodzi yemwe womuuza kuti mayi, dzukani?"

Kenako tinamva mawu aang'ono kuchokera pakhomo, a munthu amene chikwatiwire sanayankhepo apongozi ake pagulu.

"Mwina apongozi ake sanamusudzule, bambo."

Regina anaika mankhwala aja pansi, n'kudzuka, n'kumapita. A Silvester anayang'ana kabotolo ka mankhwala kaja. Kenako anavala chipewa chawo chokhotakhota n'kutuluka, ndodo n'kuiiwala pabenchi. Filimu imeneyo sinalandire chigamulo mpaka lero.

Sabata yotsatira a Silvester anatuma munthu ku Kandeu. A Raphael anabwera ndi abale awo, kunaphikidwa thobwa, ndipo ine anandiitana ngati mboni, kaya ya chiyani. Ena anayambanso za thunthu la nthochi, koma a Silvester anakana kwamtuwagalu. Analankhula kwa Regina atayang'ana kumbali, poti mpongozi sumuyang'ana m'maso.

"Sindikunena kuti mwana wanga wafa. Pakamwa panga sipadzatuluka mawu amenewo. Koma kudikira ndi kwanga, ine ndinamubala. Inu mayi munangobwera kudzatithandiza, ndipo mwathandiza mopitirira. Pitani. Akadzabwera ndidzamuyankha ndine."

Regina analira mpaka azimayi anachita kumugwira. Ine ndinatuluka panja ngati ndikukayankha foni, chifukwa sindimafuna anthu aone mwamuna wamkulu ndikupukuta m'maso.

Kutchalitchi anakokakoka, koma poti eni mwamuna anali atamasula okha, anavomera. Pa ukwati wa Regina ndi Chrispine a Silvester anavala jekete lawo la ku Joni, anavina pang'ono, anadzudzula wojambula vidiyo kuti akudula anthu mitu. Pambuyo pake anayamba kufooka. Kushopu ankabwerabe mwa apo ndi apo, koma ankagona filimu ili pakati, ndipo ukawafunsa chigamulo ankati benani zimene mukufuna. Regina ankawatumizira chakudya tsiku ndi tsiku kuchokera kunyumba yake yatsopano. A Silvester anamwalira m'nyengo yozizira, chifunga chitaphimba msika mpaka osaona tsidya la msewu.

Maliro awo akanawaona akanakhutira. Kunabwera anthu a mbali zonse ziwiri za msewu, amuna anavina ngoma ndi zishango zogwiridwa bwino, ndipo palibe anathamangira kumsika mwambo usanathe. Kumanda, mkulu wa adzukulu anafunsa abale ngati malo oyandikana ndi a Silvester awasunge kapena apatse ena, poti manda akuchepa. Anayankha ndi Regina, ali ndi pakati pooneka, kuti asakumbepo kanthu, koma asapatsenso munthu wina.

Masiku ano pa Lizulu anthu amangobenetsa chilichonse. Amandipatsa foni n'kunena kuti dzazani, ine n'kudzaza, osafunsana. Ntchito ikuyenda bwino kuposa kale, ndipo imandibowa koopsa. Benchi lija amakhalapo ndi anyamata otchaja mafoni, aliyense maso pa kagalasi kake, munthu akafa m'menemo palibe amene amadziwa kupatula mwini foniyo. Nthawi zina filimu yatsopano ikandifika ndimaionera ndekha mpaka kumapeto, n'kutembenuka kuti ndimve, n'kupeza ndikuyang'ana khoma.

Raymond sanabwere. Malo ake aja alipobe pambali pa bambo ake, opanda mtanda, opanda dzina. Tsiku lolambula kumanda likafika, Regina amabwera ndi khasu lake, mwana kumsana, n'kupalira malo onse awiri. Chrispine amamudikira kumsewu atagwira njinga, ndipo sanamufunsepo kuti achedweranji.