Perekani-perekani wa Msana wa Achimwene

Anzanga, usiku wathawu ndinalota zoti mukamva muziti ndayamba kachasu. Paja mukudziwa kuti achimwene anga a Lufeyo sanayendenso chigwereni pamakwerero kuntchito yomanga ija, ndipo a Dokotala Nyirongo akudikira thandizo la ndalama kuti ayambe kafukufuku wolumikiza mitsempha yoduka ya mumsana.

Ndiye kutuloko njinga ya olumala ya achimwene inandigunda pabondo n'kunena kuti, "Achemwali, valani chitenje chabwino. Ndalama za kafukufuku zija akupereka lero, koma mwa perekani-perekani."

Ndiye ndikuwakankha achimwene, mwadzidzidzi khonde la chipatala lasanduka holo ya ukwati, anthu nyimbo zili pakamwa. Pampando wa mkwatibwi pakhala chithunzi cha ekisire cha msana wawo, chitavala velo, chikuchita kuzyolika ndi manyazi. A Dokotala agwira lichero. Akuluakulu ogawa ndalamawo analowa atatchena masuti, ndiye wapampando atangotsokomola anasanduka nanzikambe, mlembi wake khwangwala, kolala yoyera ili pomwepo.

Khwangwala anatenga maiki. "Mwini msana avine kaye, ndiye tiponya!"

Ine ndinati, "Bwana, avina bwanji? Si ndalamazo zoti adzavinire?"

Nanzikambe anatukula mwendo, kuuganizira, n'kuubweza. "Mayi, ndondomeko ndi ndondomeko."

Ndinapsa mtima. Ndiye ndinamasula chitenje chija, kuwabereka achimwene ngati khanda, ndevu zawo zikundibaya pakhosi, n'kulowa m'bwalo. Ndinadula chiuno, anzanga, moti manesi anaimba nthungululu mpaka mabotolo a diripi anayamba kuwomba m'manja.

"Pang'onopang'ono iwe, undigwetsa kachiwiri!" akutero achimwene kumbuyoko, koma akuseka.

Mwadzidzidzi nanzikambe wafiira, wabiriwira, wayamba kuponya. Ndalama ikagwa m'lichero ikusanduka ulusi, ndiye a Dokotala anakoka makina a telala, kupalasa, kusoka chithunzi chija pomwe panaduka. Achimwene anakuwa, "Kuphazi kukuyabwa! Kukuyabwa!" Nditayang'ana m'mbali mwangamu, chala chawo chachikulu chakuphazi chinagwedezeka n'kupereka moni: "Mwaswera bwanji nonse? Ndinali kutali."

Chimwemwe chake sindingachifotokoze. Ndinalira, ndinaseka, ndinakumbatira khwangwala. Ndiye ndikumasula chitenje kuti aime okha, mapazi atsala pang'ono kugunda simenti, belu la tchalitchi linayamba, ngo, ngo, ngo.

Kutsegula maso, kunja kwacha, ndipo si belu ayi. Ndi supuni imene achimwene amamenya pakapu yachitsulo akafuna kuti ndikawatembenuze.

Ndinapita, kuwatembenuza, kenako n'kuvundukula bulangete kumapazi. Chala chili phee.

"Ukufunanji kumeneko?" anafunsa achimwene.

"Palibe. Paja a Dokotala anati yankho libwera liti?"

"Akuti mwezi wamawa."

"Chabwino," ndinatero ndikuwafunditsa mapazi. "Chitenje chija ndichichapiretu."